Balere wa kumalo ouma: kumbani kaye musanathire feteleza

Achinyamata inu amene mukuphunzira za ulimi, zolowerani kufunsa za chinyontho musanafunse za matumba a feteleza. Balere wa m'nyengo yozizira ndiye mphunzitsi wabwino pa nkhaniyi. Alimi a ku Syria, Jordan ndi Morocco amamufesa cha mu November kapena December n'kukolola mu May kapena June, kawirikawiri m'madera amene tirigu amakanika, kumene mvula ya chaka chonse siipitirira mamilimita 350. Mvulayo imagwa kukuzizira, ndipo imadula njere zisanakhwime.

Nayitirojeni sanama pa ntchito yake, ndipo vuto lagona pomwepo. Mukathira wambiri pofesa, balere amatulutsa mphukira zochuluka, masamba n'kubiriwira moti odutsa amaima n'kumasirira. Koma tsamba lililonse limamwa. Pofika April, ngala zikufuna madzi oti njere zikhute, dzuwa layamba kuswa mtengo, nthaka imakhala itauma kale. Munda wotere uli ngati munthu wotha malipiro sabata yoyamba ya mwezi. Mumakolola mapesi ambiri ndi njere zowonda, zopepuka m'manja. Ngati munalimira ofulula mowa, amakukanirani, chifukwa njere zotere zimakhala ndi puloteni wambiri ndi ufa wochepa.

Musathamangire kunena kuti ndiye feteleza atayidwe. Bungwe la ICARDA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1977 ndipo linali ndi minda yake yofufuzira ku Tel Hadya pafupi ndi Aleppo ku Syria, linaonetsa kuti balere wanjala naye amataya madzi. Amakula mochedwa, nthaka imakhala pamtunda, ndipo chinyontho chimauluka osadzera m'mbewu. Fosifeti ndi nayitirojeni wochepa pofesa amathandiza kuti masamba aphimbe nthaka msanga, motero mvula yomweyo imabala zambiri.

Choncho gawani nayitirojeniyo. Pang'ono pofesa, wotsalayo asungidwe m'nkhokwe mpaka mbewu itayamba kuchulukitsa mphukira. Tsikulo tengani khasu, kumbani, muone pamene chinyontho chalekezera. Chikakhala chakuya, thirani. Chikakhala chapamwamba pokha, mangani thumba lidikire chaka chamawa, ngakhale anzanu akusekeni. Ambiri amagonja apa, chifukwa feteleza wogula kale amayabwa m'manja.

Samalaninso ndi yureya. Pa makilogalamu 100 alionse, 46 ndi nayitirojeni, koma nthaka zambiri za m'maiko atatu aja n'zalaimu, ndipo yureya wongomwazidwa pamwamba amasanduka mpweya wa amoniya n'kuthawa. Mwazani mvula ili pafupi kuti imulowetse pansi. Amene munabereketsapo chimanga kukuchita ng'amba mukudziwa mmene ndalama imapsera.

Funsaninso chimene chinalimidwa m'mundamo chaka chatha. Munda wochokera ku mbewu za m'gulu la nyemba, kapena wogonekedwa, umakhala ndi nayitirojeni wotsalira, ndipo sufuna mlingo wofanana ndi umene wakhala ukulimidwa balere chaka ndi chaka.

Musaiwale nkhosa. Ku Syria balere ndi chakudya cha ziweto, ndipo mapesi ali ndi mtengo wake. Chaka chikavuta kwambiri, mlimi amangolowetsa nkhosa m'munda zidye mbewu ili chiimire. Kwa iyeyo masamba ochuluka si kutaya konse, choncho musanamuwerengere mlingo wa feteleza, mufunseni ngati akufuna njere zogulitsa kapena chodyetsa nkhosa zake.