PHUNZIRO: MMISIRI WA MAWA APHUNZIRE CHIYANI LERO?

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosakata pa Blantyre. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikokolola nyumba za ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri anataya moyo. Palibe khoma likadaima pamaso pa miyala yotere. Koma nyumba zina zambiri zinagwa ndi madzi okha, pakuti maziko ake anali osazama, njerwa zake zosaotcha, ndipo panalibe ngalande yopatutsa madzi. Tsoka limeneli liphunzitsa kuti luso la mmisiri ndilo mlonda wa moyo wa anthu ogona m'nyumba imene iye wamanga.

1. Umisiri unayamba bwanji mu Blantyre?

Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Misheni ya Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanapite ku sukulu ya zomangamanga, ndipo anthu amene anagwira naye anaphunzira kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuziyala pomwepo pantchito. Nyumbayo ili chiimire mpaka lero. Apa pali chiphunzitso choyamba: luso lilowa m'mutu podzera m'manja.

2. Nanga masiku ano amisiri aphunzira kuti?

Boma lili ndi masukulu aakulu a ntchito zamanja, monga a Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Salima. Pa Soche Technical College anyamata ndi asungwana aphunzira kumanga, ukalipentala, kupenta ndi kuika mapaipi a madzi. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro otere, ndipo olemba anthu ntchito apereka msonkho wa tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo. M'chaka cha 2015 boma linayambanso kutsegula masukulu ang'onoang'ono a luso m'maboma.

Komabe malo achepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malawi, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Ana onsewa adzafuna ntchito, ndipo maofesi sangawalandire onse.

3. Kodi chofunika kukonza n'chiyani?

Choyamba, sukulu ndi malo a ntchito zigwirane manja. Wophunzira ayenera kukhala miyezi ina m'kalasi, miyezi ina m'fakitale kapena pa nyumba imene ikumangidwa. Koma ambiri avutika kupeza wowalandira. Eni makampani a ku Makata, ku Chirimba ndi ku Limbe asakhutire ndi kupereka msonkho wokha. Atsegule zitseko zawo, ndiponso auze aphunzitsi luso limene iwo akulisowa. Mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, zophunzira zitsate nthawi. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati, ndipo makaniko wodziwa sipanala yokha angoima manja ali m'chiuno. Mabanja ambiri akuika magetsi a dzuwa pa madenga awo, ndipo afuna munthu wodziwa kuwalumikiza bwino kuti nyumba isapse. Womanga naye adziwe kuona dothi, kulambula njira ya madzi, ndi kukana molimba mtima pamene mwini nyumba afuna kumanga m'khwawa kapena pa phompho. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, anena za mafakitale ndi mizinda. Zimenezi sizidzatheka ngati wophunzira aphunzirira pa makina amene mafakitale anawasiya kale, kapena ngati mphunzitsi wake sanaone makina atsopanowo.

Chachitatu, amisiri ophunzira kunja kwa sukulu asaiwalidwe. Ku Ndirande ndi mumsika wa Limbe muli owotcherera zitsulo, osula ndowa ndi mbaula, osoka zovala ndi okonza mafoni, amene anaphunzira poyang'ana manja a mmisiri wamkulu. Iwowa ndiwo ochuluka. TEVETA ili ndi njira yoyesa luso la anthu otere ndi kuwapatsa satifiketi. Njirayo iyenera kudziwika ponseponse, ndi kukhala ya mtengo umene mmphawi angaukwanitse.

4. Udindo wa makolo

Makolo ambiri aganiza kuti ntchito yamanja ndi ya mwana wolephera mayeso, ndi kuti mwana wamkazi sayenera kugwira nyundo. Maganizo amenewa ndi olakwa. Kuwerengera matabwa a denga kapena kuyeza mphamvu ya magetsi kufuna masamu ndi nzeru zakuya, ndipo nzeru sizisankha mwamuna kapena mkazi. M'mera mpoyamba: mwana amene akonda kupasula wailesi ndi kuibwezera, makolo amlimbikitse msanga. Ndipo pofuna womanga nyumba, asayang'ane wotsika mtengo yekha, koma wodziwa ntchito yake.

Mafunso okambirana

1. Ndi amisiri ati amene akusowa m'dera lanu, kotero kuti anthu akawafuna kutali?
2. Kodi mmisiri wamkulu wa kwanuko angalandire ophunzira angati, ndipo anthu angamthandize motani?
3. Womanga achite chiyani ngati mwini nyumba aumirira kumanga pa malo oopsa?