PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA NTHENDA YA FUMBI LA M'MIGODI

Phunziro lathu la mwezi uno lili la nthenda imene ilowa mwa munthu mwakachetechete, nikhala zaka zambiri isanadziwike. Ife amene tiyenda m'midzi, kuyambira ku Kaporo kufikira ku Chilumba, tawaona akuluakulu amene anapita ku Joni ali anyamata amphamvu, nabwerako ndi njinga ndi mabulangete, koma lero sakhoza kukwera kamtunda osaima katatu kuti apeze mpweya. Ena anena kuti ndi ukalamba, ena anong'ona kuti analodzedwa ndi abale ansanje. Tiyeni tiphunzire pamodzi chimene madotolo apeza, pakuti kusadziwa kwadanitsa abale, ndi kufupikitsa masiku a anthu.

1. Kumene anthu athu anakomana ndi fumbi

Kuyambira kale amuna a dziko lino anachoka kukafuna ndalama za msonkho ndi za ng'ombe za malowolo. Ena anapita ku migodi ya golide ya ku Lupa m'dziko la Tanganyika m'zaka za m'ma 1930, ena ku migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi ku Mufulira, ena ku malasha a ku Wankie, ndipo ambiri anatengedwa ndi Wenela kunka ku Johannesburg. M'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown nipha amuna a ku Malawi oposa 70, boma la Dr Banda linaletsa ulendowo. Pambuyo pake anthu anayambanso kupita pa Teba, kufikira chaka cha 1988.

Koma fumbi silili kutali kokha. Kwathu kuno anthu anakumba malasha ku Mwabulambo, ndi ku Mchenga m'boma la Rumphi, ndipo ku Kayelekera mgodi wa yureniyamu unatsegulidwa m'chaka cha 2009. Ngakhale amayi ndi anyamata amene aswa miyala m'mbali mwa msewu apuma fumbi la thanthwe tsiku ndi tsiku.

2. Chimene fumbi lichita m'chifuwa

Fumbi looneka ndi maso, mphuno ndi kummero ziligwira, ndipo tililavula. Loopsa ndilo losaoneka, lochokera m'thanthwe pamene anthu alibowola kapena kuliphulitsa. Limenelo litsika kufikira m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo. Thupi liyesa kulichotsa, koma lilephera, nilizinga ndi zipsera, kotero kuti phapo limene linali lofewa liuma monga chikopa choyanikidwa padzuwa. Nthenda iyi madotolo aitcha silicosis. Fumbi la malasha nalonso liwononga mapapo ndi kuwadetsa, ndipo m'miyala ya yureniyamu mutuluka mpweya wopanda fungo wotchedwa radon, umene ukhoza kuyambitsa khansa ya m'mapapo.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzisunga mumtima. Choyamba, nthendayi ichedwa kuoneka: munthu akhoza kukhala zaka 10 kapena 20 osamva kanthu, ndipo zipsera zipitirira kukula angakhale anasiya ntchito kalekale. Chachiwiri, palibe mankhwala, a chipatala kapena a zitsamba, ochotsa zipserazo. Chachitatu, silicosis sipatsirana, kotero tisamsale wodwalayo. Koma ifooketsa mapapo, ndipo chifuwa chachikulu chipeza polowera: munthu wa silicosis chimgwira msanga, ngati katatu kuposa mnzake. Chifuwa chachikulu ndicho chipatsirana m'nyumba, kwa mkazi ndi kwa ana.

3. Mayesedwe ake

Mwina wina afunsa kuti, ngati mankhwala palibe, kuyesedwa kupindulanji? Tamverani. Woyesedwa msanga achotsedwa pa fumbi mapapo asanathe, aleka fodya, ndipo chifuwa chachikulu chikamgwira chipezeka chisanamgwetse.

Mayeso oyamba ndiwo kujambula m'chifuwa ndi makina a X-ray. Pa chithunzicho dotolo aona timadontho toyera kumtunda kwa mapapo, kawirikawiri mwini wake asanayambe kubanika. Achiwiri ndiwo kuuzira mwamphamvu m'kachubu ka makina oyesa mpweya, kuti adziwe mphamvu yotsala m'mapapo. Achitatu ndiwo kuyesa makhololo, pofuna tizilombo ta chifuwa chachikulu. Nthenda imeneyo ichira ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma aperekedwa kwaulere.

Nzeru izi sizili zatsopano. M'chaka cha 1930 madotolo a maiko ambiri anasonkhana ku Johannesburg kukambirana za silicosis. Koma masiku amenewo kuyesa kosamalitsa kunali kwa Azungu. Anthu akuda ambiri, akayamba kuwonda ndi kutsokomola, anangobwezedwa kwao, nafera m'midzi popanda wolemba chimene chinawapha. Ife a Karonga tidziwa phindu la kufunafuna nthenda isanakule, pakuti kuyambira chaka cha 1979 anthu ofufuza a ku Chilumba anayenda khomo ndi khomo kuyesa khate, nafufuzanso za chifuwa chachikulu.

Taonani chinthu china chachikulu. Pa chithunzi, silicosis ndi chifuwa chachikulu zikhoza kufanana. Chifukwa chake mukafika pamaso pa dotolo, musadikire kuti akufunseni. Muuzeni nokha kuti munagwira ntchito mumgodi uti, zaka zingati, ndi ntchito yanji. Popanda mawu amenewa, munthu akhoza kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kawiri, kubanika osatha, pamene gwero lake lili zipsera za fumbi.

Inu anyamata amene muli pa ntchito ya m'migodi lero, dziwani kuti pa mgodi woyendetsedwa bwino munthu ayesedwa polowa ntchito, ayesedwanso nthawi ndi nthawi, ndiponso potuluka. Fumbi lenilenilo aliyesa ndi kachipangizo kamene wantchito avala pafupi ndi kolala tsiku lonse. Athira madzi pobowola thanthwe, alowetsa mphepo yabwino pansi, napatsa anthu zotchingira mphuno ndi pakamwa zoyenera. Kansalu wamba komanga pamphuno sikaletsa fumbi losaonekali. Funsani zotsatira za mayeso anu, ndipo muzisunge.

4. Za makalata ndi chipukuta misozi

M'chaka cha 2018 makampani 6 a golide a ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana marandi 5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu cha m'migodi, ndipo bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano limeneli m'chaka cha 2019. Ndalamazo zinaikidwa m'manja mwa bungwe la Tshiamiso Trust. Panganoli likhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, a dziko lililonse, pamodzi ndi amasiye a iwo amene anamwalira. Koma umboni wake ndiwo makalata a ntchito ndi mayeso a dotolo. Chifukwa chake chiphaso cha Wenela kapena cha Teba, nambala ya ntchito, ndi makadi a chipatala musazisiye kuti chiswe chidye. Kulembetsa kuli kwaulere. Chenjerani ndi anthu oyenda m'midzi amene afuna ndalama kuti akulembeni.

5. Chimene tichite

Makolo anati, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mwamuna aliyense amene anagwira ntchito m'fumbi apite kuchipatala cha Karonga kapena china chapafupi, angakhale adzimva wamphamvu, napemphe kuyesedwa. Akatsokomola masabata 2, akawonda, akatuluka thukuta usiku, kapena akalavula magazi, asagone tsiku lina. Inu amayi ndi ana, mperekezeni, ndipo akapezeka ndi chifuwa chachikulu, a m'nyumba onse ayesedwe. Amene adziwa kuwerenga awerengere mnansi wake phunziro ili. Ndipo pamene mkulu wina abanika, tisathamangire kuloza chala mbale wathu. Tiyambe tafunsa kumene anagwira ntchito pa unyamata wake.

Mafunso a phunziroli

1. Kodi fumbi loopsa ndi liti, looneka kapena losaoneka?
2. Silicosis isiyana bwanji ndi chifuwa chachikulu?
3. Tchulani mayeso atatu a mapapo.
4. Nchifukwa ninji tiyenera kumuuza dotolo za ntchito yathu yakale?
5. M'mudzi mwanu muli angati amene anagwira ntchito m'migodi, ndipo ndi angati mwa iwo amene anayesedwapo?