Mukapeza mwana akununkhiza guluu kapena petulo

Mukamupeza mwana kuseri kwa nyumba ali ndi jumbo kapena kabotolo pamphuno, musamukalipire ndipo musamuthamangitse. Langizo loyambali ndi lovuta kulitsatira, pakuti kholo likaona zotere limafuna kukuwa. Koma mpweya wa guluu, petulo, tinala ndi gasi wa m'malayitala umasokoneza kagundidwe ka mtima. Mwana akadzidzimuka kapena kuthamanga mpweyawo udakali m'thupi, mtima ungathe kuima pomwepo, ngakhale kutakhala kununkhiza kwake koyamba.

Choncho muyandikireni pang'onopang'ono, mulankhuleni motsitsa mawu, ndipo chinthucho muchichotse mofatsa. Mutulutsireni panja kapena tsegulani mawindo. Mbaula, machesi ndi fodya zitalikire. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwitse, kenako thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo kuti adokotala adziwe chimene wapuma. Ngati wameza petulo musamusanzitse, chifukwa angalowe m'mapapo.

Zokambirana zidikire mpaka atatsitsimuka. Mukakhala naye pansi, yambani ndi kufunsa: "Mwanawe, ukanunkhiza umamva bwanji? Anakuonetsa ndani?" Ana ambiri amayamba chifukwa cha chidwi chabe. Mnzawo wawauza kuti mutu umapepuka, dziko limazungulira, ndiye afuna adzionere okha. Chidwi choterocho si mlandu, ndipo kholo lomwe lachimvetsera ndi lomwe mwana amaliululira zina zonse. Ena amathawa njala, nkhawa kapena nkhanza, ndipo amenewo ndodo singawachiritse.

Muuzeni zoona zokhazokha. Chizungulire chomwe akuchikondacho chimatha m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake amabwerezabwereza. Mankhwala a m'guluu otchedwa toluene amawononga ubongo, makutu ndi impso. Musamuopseze kuti mawa apenga, chifukwa akaona anzake akuyenda bwinobwino sadzakukhulupiriraninso.

Kenako yang'anani pakhomo panu. Chigubu cha petulo wa njinga yamoto, guluu womatira nsapato ndi penti zikhale mokiyidwa. Muziona ngati pali tizilonda kuzungulira pakamwa ndi mphuno, maso ofiira, fungo la mankhwala pazovala, kapena kudzandira popanda fungo la mowa.

Ngati zikubwerezeka, musazibise poopa manyazi. Ku Malawi imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena funsani ku chipatala cha boma lanu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu omwe akulephera kusiya mankhwala ozunguza bongo.