Chinangwa cha Papepala Sichiphikidwa

Iwe wa ku Chiosya amene uli ku koleji kuphunzira data science, tandiuze: tebulo la ziwerengero lomwe wakopera pa intaneti lija, ukudziwa amene anawerenga? Anawerenga bwanji, chaka chiti, m'midzi ingati? Ngati sukudziwa, khala pansi umve zimene zinagwera boma lako lomwe la Mchinji.

M'dzinja la 2000/2001 mvula inachuluka, minda yambiri inamira. Chimanga m'dziko muno chinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni, pomwe cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Koma m'maofesi mitima inali m'malo, chifukwa ziwerengero za Unduna wa Zamalimidwe zinkaonetsa chinangwa ndi mbatata zochuluka zoti n'kutseka mpatawo. Kumapeto kwa 2001 a Save the Children UK anayenda m'midzi ya Mchinji n'kuchenjeza kuti njala yafika kale pakhomo. Sanamvedwe msanga. Ena mpaka ankati Amalawi akungokakamira nsima. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za tsokali pa 27 February 2002, maliro atayamba kale. Anthu mazanamazana anafa.

Taona pamene panalakwika. Masamu ophatikiza ndi kuchotsera anali bwinobwino. Chinali chovunda ndi chiwerengero chimene analowetsa m'masamuwo. Chinangwa chimakhala pansi pa dothi, chimakumbidwa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo nthawi zambiri chimalimidwa mosakaniza ndi mbewu zina. Mlangizi wa mbewu woyang'anira dera lalikulu angachiyeze bwanji molondola? Komanso chambiri chimalimidwa kunyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga. Chiwerengero cha dziko lonse chinabisa zoti banja la ku Mchinji, lodalira chimanga, fodya ndi mtedza, silingakumbe chinangwa cha ku Nkhata Bay. Amene anakhulupirira ziwerengerozo anali anthu ophunzira, odziwa kompyuta. Iwe ukuwaposa chiyani?

Zizindikiro za chiwerengero chovunda uzidziwe. Tebulo lopanda dzina la amene anachita kafukufuku. Chiwerengero chimene aliyense akuchibwereza, koma ukachilondola onse anachitenga pamalo amodzi. Zokolola zongokwera chaka ndi chaka ngakhale mvula itavuta. Chiwerengero chokoma kwambiri kwa amene akuchilengeza. Choopsa kuposa zonse ndi chiwerengero chotsutsana ndi zimene amayi ako akuona pamsika wa Chiosya, iwe n'kusankha kukhulupirira foni.

N'chifukwa chake laibulale ya pakoleji si malo ongotchajirako laputopu. Pita kwa woyang'anira laibulale, umuuze mutu wako. Funsa malipoti athunthu a National Statistical Office ya ku Zomba: kalembera wa 2018, Integrated Household Survey ya 2019/2020, Demographic and Health Survey ya 2015/2016. Usathamangire matebulo. Yamba ndi mutu wofotokoza mmene anasankhira mabanja ndi mafunso omwe anafunsa. Funsanso ngati koleji yako imalandira majenale kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno, ndipo akuonetse African Journals Online. Werenga zimene Stephen Devereux analemba mu 2002 za njala imeneyi, ndi buku la Morten Jerven la 2013, Poor Numbers, lofotokoza mmene ziwerengero za mu Africa zimapangidwira. Safunsa anadya phula.

Mawa ukhala iwe mu ofesi, ukuuza akuluakulu kuti chakudya chilipo chokwanira kapena ayi. Chizolowezi chimene ukuchita lero pa asayimenti ndi chomwe udzapite nacho kumeneko. Ukalephera kutchula amene anawerenga ndi njira imene anawerengera, chiwerengerocho usachilembe.