ABWENZI ASANU NDI AWIRI NDI NDALAMA ZA M'NTHAKA

Akulu amati, "Cuma ciri m'nthaka." Ponena mau awa amaganiza za cimanga, nshawa, thonje ndi fodya, zimene munthu amapata akagwira khasu molimbika. Koma nthaka imasunganso cuma ca mtundu wina. Kale-kale kunalibe mabanki osungako ndalama. Munthu akamva kuti nkhondo yayandikira, anali kukumba dzenje usiku, nakwirira ndalama zake, nati adzazifukula mtendere ukabwera. Ambiri anazifukuladi. Koma ena anafa pa nkhondo, ena anathawira kutali osabwereranso, ndipo cuma cao cinagona pansi zaka mazana ambiri popanda wocidziwa.

M'phunziro lino tidzamva za anthu a ku England amene amayenda maulendo kufuna ndalama zotere, za makina ao, ndi za cimene munthu ayenera kucita akapeza cinthu cakale.

Makina ofunira zitsulo

Makinawa ali ndi mpini wautali ngati ndodo ya munthu wamkulu. Kunsi kwa mpiniwo kuli cinthu cozungulira conga mbale, ndipo m'kati mwake muli waya wokulunga-kulunga ngati nkhata. Magetsi ocokera m'batire akayenda m'wayamo, amabala mphamvu yosaoneka, yonga ya magineti, imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi citsulo, kaya ndi siliva, golide, mkuwa kapena msomali cabe, imautsa magetsi ang'ono m'citsulomo, ndipo citsuloco cimabweza mphamvu yake kumwamba. Makina akamva mphamvu yobwererayo amalira m'makutu a mwini wake. Pa dothi wamba amangokhala cete.

Mmodzi wa anthu oyamba kuyesa nzeru imeneyi ndiye Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni. M'caka ca 1881 iye anapanga makina ofunira cipolopolo m'thupi la James Garfield, Pulezidenti wa America, amene anaomberedwa ndi mfuti. Koma cipolopoloco sanacipeze. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, m'caka ca 1941, msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anakonza makina ofunira mabomba okwiriridwa pansi, ndipo anapulumutsa miyoyo ya asilikali ambiri. Patapita zaka makinawa anakhala opepuka ndi ocepa mtengo, kotero kuti anthu wamba anayamba kuwagula.

Musaganize kuti nchito imeneyi ndi yapafupi. Makina samva ndalama imodzi ikakhala pansi kwambiri kupitirira phazi limodzi. Munthu amayenda pang'ono-pang'ono tsiku lonse, nayendetsa mbale ija uku ndi uku pamwamba pa udzu. Kawiri-kawiri makina akalira, iye amakumba, napeza msomali wa dzimbiri, citsekero ca botolo kapena cidutswa ca pulawo. Ena amatha zaka zambiri osapeza kanthu ka mtengo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ulendo wa ku Somerset

M'mwezi wa Januwale, caka ca 2019, abwenzi asanu ndi awiri anapangana zopita ku Somerset, cigawo ca kum'mwera ca kumadzulo kwa England, kukacezera limodzi masiku a kumapeto kwa sabata. Awiri a iwo, a ku mzinda wa Derby, mailosi oposa 100 kucokera kumeneko, anali akatswiri a makinawa kwa zaka zambiri, ndipo anafuna kuphunzitsa anzao. Januwale ku England ndi mwezi wa cisanu, wa matope ndi wa masiku afupi, koma abwenziwo sanagwe mphwayi. Atapempha cilolezo kwa mlimi wina wa m'cigwa ca Chew, analowa m'munda mwake, nayamba kufuna.

Cakudza siciimba ng'oma. Makina a mmodzi wa iwo analira, ndipo atakumba anatola kandalama ka siliva, kopyapyala ngati tsamba, kokhala ndi mutu wa Mfumu William. Ngakhale kandalama kamodzi kotere kakadakwanira kuwakondweretsa ulendo wonse. Koma posakhalitsa makina a ena analiranso, apa ndi apo, osaleka. Kunagwa mvula ya mabingu ndi mphezi, koma panalibe wofuna kukabisala. Anatola ndalamazo m'matope kwa maora anai kapena asanu, ali cinyowere. Zinali zomwazika, zina zopindika, zina zosweka, cifukwa mapulawo a alimi anali atazitembenuza zaka zambiri. Pamene zinawerengedwa zonse pambuyo pake, zinakwana 2,584.

Apa ndi pamene panali mayeso. M'mundamo munalibe wapolisi kapena mboni. Abwenziwo akadatha kugawana ndalamazo mwakacetecete, ndi kumagulitsa imodzi-imodzi kwa anthu okonda zinthu zakale. Koma iwo sanatero ai. Anadziwitsa mkulu woyang'anira zinthu zopezeka m'nthaka, napereka ndalama zonse ku British Museum, nyumba yaikuru yosungiramo zinthu zakale ku London, kuti akatswiri akazitsuke ndi kuziwerenga.

Zimene ndalamazo zinaulula

Ndalama yakale iri ngati kalata yocokera kwa anthu amene anafa kale. Akatswiri anaona kuti pafupi-fupi theka la ndalamazo linali ndi mutu wa Mfumu Harold, ndipo theka lina mutu wa Mfumu William. Mafumu awiriwa anali adani.

Nkhani yao ndi iyi. Mu Januwale 1066 Mfumu Edward ya England inamwalira yopanda mwana, ndipo akulu a dziko analonga Harold ufumu. Koma William, wolamulira Normandy kutsidya kwa nyanja, anati ufumuwo unalonjezedwa kwa iye. Anaoloka ndi zombo zake, ndipo pa 14 Okutobala 1066 magulu awiriwo anakumana pafupi ndi Hastings. Harold anaphedwa atalamulira miyezi isanu ndi inai yokha, ndipo William anabvekedwa cisoti caufumu pa tsiku la Khirisimasi. Pa ndalama za Harold panalembedwa liu la Cilatini lakuti PAX, ndiko kuti "mtendere". Koma mtenderewo iye sanauone.

Popeza ndalama zonse za William zinali za mtundu woyamba umene iye anasulitsa, akatswiri anazindikira kuti cumaco cinakwiriridwa pasanapite zaka ziwiri cigonjetsere dziko. Mabuku akale amabvomereza kuti nthawi imeneyo kunali cipwirikiti ku dera lomwelo. M'caka ca 1068 anthu a ku Exeter anaukira William, ndipo iye anazinga mzinda wao masiku 18. Caka comweco ana a Harold anabwera ndi zombo kucokera ku Ireland, nathira nkhondo ku Bristol ndi ku Somerset. Cioneka kuti mwini ndalama anazibisa poopa zimenezi, ndipo sanabwerenso. Anataya cuma cacikuru, pakuti masiku amenewo ndalama zotere zikadagula nkhosa ngati 500.

Ndalamazo zinaululanso cinsinsi ca osula. Kale ndalama sizinapangidwe ndi makina. Wosula anali kuika kasiliva kozungulira pakati pa zidindo ziwiri zacitsulo, namenya ndi nyundo. Mbali imodzi inali ndi mutu wa mfumu, mbali ina dzina la wosula ndi la mzinda wake, kuti akacita cinyengo agwidwe. Mfumu ikasintha maonekedwe a ndalama, wosula anayenera kulipira kuti alandire zidindo zatsopano. Tsono pakati pa ndalama za ku Chew panapezeka zowerengeka zimene mbali imodzi inali ya cidindo ca Harold, mbali ina ya William. Wosula wina anapitiriza kugwiritsa nchito cidindo cakale kuti azembe malipiro, podziwa kuti anthu ambiri sadziwa kuwerenga. Cinyengo cake cinabisika zaka zoposa 950, koma potsiriza cinaululika. Panalinso mapeni odulidwa pakati, pakuti munthu akafuna theka la peni anali kungoidula.

Zikadagulitsidwa imodzi-imodzi, ndalamazi sizikadatiphunzitsa zonsezi. Ndalama imodzi imangonena dzina la mfumu. Koma zikakhala pamodzi, ndi malo ake odziwika, zimasimba nkhani yathunthu.

Mphotho ndi cilango

Lamulo la ku England la caka ca 1996 limati munthu akapeza pamodzi ndalama ziwiri kapena zambiri za golide kapena siliva, za zaka 300 kapena kupitirira, adziwitse akulu a boma pasanathe masiku 14. Akatswiri amayesa mtengo wake. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ikazifuna, imalipira mtengowo, ndipo kawiri-kawiri wopeza ndi mwini munda amagawana pakati. Ikapanda kuzifuna, zimabwezedwa.

Abwenzi aja anadikira zaka zoposa zisanu. M'caka ca 2024 bungwe la South West Heritage Trust linagula ndalamazo pa mtengo wa £4,300,000. Theka linapita kwa mwini munda, ndipo theka lina anagawana asanu ndi awiri aja. Ndalamazo zinayamba kuonetsedwa ku British Museum, ndipo kwao kokhalitsa kunasankhidwa kuti kukhale ku Museum of Somerset, mu mzinda wa Taunton, kumene ana a sukulu onga inu angathe kukaziona.

Si onse amene amacita cotero. M'caka ca 2015 amuna awiri anapeza ndalama za siliva ngati 300 pamodzi ndi zokometsera za golide pafupi ndi Leominster, m'cigawo ca Herefordshire. Zina za ndalamazo zinali ndi mafumu awiri okhala pamodzi, Alfred ndi Ceolwulf, kusonyeza kuti anali pa ubwenzi, cinthu cimene olemba mbiri akale sanacimveketse. Amunawo anabisa ndalamazo, nayamba kuzigulitsa m'seri. Anafafaniza zithunzi za m'mafoni mwao, koma apolisi anazibwezeretsa, ndipo zinakhala umboni wowatsutsa. M'caka ca 2019 anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zambiri. Akadanena zoona akadalandira mphotho yaikuru. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Koma coipa coposa ndi cakuti zambiri za ndalamazo zinamwazika, ndipo dziko lonse linataya gawo la mbiri yake.

Cuma cakale ca dziko lathu

Nthaka ya Zambia nayonso imasunga zinthu za makolo. M'caka ca 1960 anchito a boma anali kukumba maziko a thanki ya madzi pa kaphiri ka Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira m'Zambezi. Mwadzidzidzi anapeza manda akale. Mau anafika kwa akulu oyang'anira zinthu zakale, ndipo J. H. Chaplin anadzakumba mosamala. Pambuyo pake Brian Fagan anapitiriza nchitoyo. Anapeza mikanda ya golide, mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja, waya wa mkuwa, ndi mitanda yolemera ya mkuwa imene anthu anali kusinthana nayo katundu monga ife ticita ndi ndalama. Cifukwa ca zimenezi tidziwa kuti zaka ngati 500 zapitazo anthu a m'cigwa ca Zambezi anali kucita malonda ndi maiko akutali. Anchito aja akadathira mikandayo m'matumba mwao, nkhani imeneyi ikadataika.

M'caka ca 1989 boma linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission kuti lisamale zinthu zotere. Cotero inu ana, mukapeza mphika wakale, mikanda, mkuwa kapena mafupa polima kapena pokumba dothi la njerwa, lekani kukumba. Musacotse kanthu, pakuti ngakhale kagonedwe ka cinthu m'nthaka kali ndi phunziro lake. Ikani cizindikiro pamalopo, ndipo uzani aphunzitsi kapena amfumu, kuti iwo adziwitse a boma. Ndiponso musakumbe m'munda wa munthu wina osapempha, kapena kusokoneza manda. Cinthu ca makolo si ca amene wacitola yekha; ndi ca mtundu wonse, ndi ca ana amene sanabadwe.

Mafunso

1. Cifukwa ninji anthu akale anali kukwirira ndalama zao?
2. Fotokozani m'mau anu-anu m'mene makina ofunira zitsulo amagwirira nchito.
3. Kodi akatswiri anadziwa bwanji nthawi imene ndalama za ku Chew zinakwiriridwa?
4. Wosula uja anacita cinyengo cotani, ndipo anacicita cifukwa ninji?
5. Linganizani zimene anacita abwenzi a ku Somerset ndi zimene anacita amuna a ku Leominster. Ndani anapindula, ndipo ndani anataya?
6. Kale mapeni 240 anali kupanga paundi imodzi. Kodi mapeni 2,584 ndi mapaundi angati, ndipo patsala mapeni angati?

Zocita

(a) Pezani England, Normandy ndi Ireland pa mapu. Pezaninso mtsinje wa Zambezi ndi malo a Ingombe Ilede.

(b) Dziko lathu linayamba kugwiritsa nchito kwacha ndi ngwee m'caka ca 1968. Funsani agogo anu maina a ndalama zimene zinalipo kale, ndi zimene peni imodzi inali kugula. Lembani zimene akuuzani.

(c) Ikani pepala pamwamba pa ndalama yacitsulo, ndipo pakani ndi pensulo kufikira zolembedwa zioneke. Kodi munthu woitola patapita zaka 900 angaphunzirepo ciani za ife?