Za Cironda ca Pakhungu Cimene Cifika ku Mtima

Mphere ndi zithupsa ndizo nthenda zimene anthu azipeputsa, nati, Nza pakhungu cabe. Koma khungu ndilo linga la thupi, ndipo linga likagumuka mdani sasowa polowera.

Pakhungu la anthu ambiri, ngakhale amoyo, pakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, tochedwa Staphylococcus aureus. Dotolo wa ku Aberdeen, Alexander Ogston, anatiwona m'mafinya m'caka ca 1880, titaunjikana ngati tsango la mphesa. Pakhungu labwino siticita kanthu. Koma munthu wa mphere akanda usiku wonse kufikira zikhadabo zitang'amba khungu. Pamenepo tizirombo tilowa m'cironda, ndipo nthawi zina tipitirira m'mwazi.

Mwazi wonse upita mu mtima. M'menemo muli zipinda zinai ndi tizitseko tinai, totseguka ndi kutsekeka pa kugunda kuli konse, kuti mwazi usabwerere m'mbuyo. Tizirombo tikamatirira pa katseko, makamaka kamene kanaonongeka kale ndi nthenda ya mtima yotsata zironda za pakhosi paubwana, tiswana pomwepo, ndi kumanga cotupa cofewa ngati bowa. Katseko kadyeka, kayamba kudontha. Tizidutswa ta cotupaco tithothoka ndi kutengedwa ndi mwazi: kakatsekereza mtsempha wa m'ubongo munthu afa ziwalo mbali imodzi, kena kakafika ku impso.

Madotolo acha nthendayi endocarditis. William Osler anailongosola ku London mu 1885, koma mankhwala panalibe, ndipo pafupi-fupi onse oidwala anafa, kufikira penicillin atayamba kugwira nchito m'zaka za m'ma 1940.

Coopsa cace ncakuti ibisala m'cifanizo ca malungo. Thupi litentha, wodwala atuluka thukuta usiku, afooka, apuma wefu-wefu, miyendo itupa. Abale amgulira mankhwala a malungo kawiri, katatu, osaona kusintha. Ndipo palibe wokumbukira cithupsa cija anacifinya mwezi watha. Cifukwa cace wodwala pofika ku cipatala ayenera kuchula cironda ciri conse, cingakhale cinapola. Kumeneko atenga mwazi kuti aone mtundu wa tizirombo, naunika mtima ndi makina. Mankhwala ace saali akumwa masiku atatu ai: alowa mu mtsempha masabata anai kufikira asanu ndi limodzi, ndipo katseko kakaonongeka kwambiri madotolo ang'amba cifuwa ndi kuikapo kena.