Babu la LED Likafa, Musathamangire Kudzala

Mababu ambiri a LED amene timataya amakhala atawonongeka kachipangizo kamodzi kokha. Mkati mwake muli mbale ya aluminiyamu yokhala ndi timagetsi tachikasu, komanso kabolodi kotchedwa dilayiva kamene kamasandutsa magetsi a 230V kuti ayenerane ndi timagetsito.

1. Yambani mwaika babu labwino pamalo pomwepo. Nalonso likakana kuyaka, vuto lili pa swichi kapena mawaya, osati babu.

2. Zimitsani swichi, chotsani babulo. Apa chonde musachite phuma. Kapasita ya pa dilayiva imatha kusunga magetsi opitirira 300V ngakhale babu lili m'manja mwanu. Mukatsegula babulo, ipimeni ndi mita yopimira magetsi, ndipo ikapezeka ndi magetsi, atsitseni pogunditsa resistor pamiyendo yake iwiri. Musakhudze mbale ya aluminiyamu babu likuyaka, chifukwa m'mababu ambiri otchipa mbaleyo siyotetezedwa ku magetsi a m'nyumba.

3. Kanganulani chivindikiro choyera ndi mpeni wobuntha, mozungulira pang'onopang'ono. Nthawi zambiri chimangomatidwa ndi guluu.

4. Yang'anitsitsani timagetsi tija kamodzikamodzi. Timalumikizana mondondozana ngati mikanda pa ulusi, choncho kamodzi kakapsa, tonse timazima. Kakupsako nthawi zambiri kamakhala ndi kadontho kakuda pakati, kochepa kwambiri moti pamafunika kuwala kwa dzuwa kuti mukaone. Ngati kadontho sikakuoneka, ikani mita pa chizindikiro cha diode n'kugunditsa mbali zonse ziwiri za kagetsi kalikonse. Kabwino ka 3V kamayaka mofooka. Koma dziwani kuti tina ndi ta 6V, 9V kapena 18V, ndipo timeneti sitiyaka ndi mita ngakhale tili tamoyo. Ambiri amasochera pamenepa n'kuzula timagetsi tosalakwa.

5. Chotsani kakupsako, muikepo kofanana nako kochokera ku babu lina lakufa la mtundu womwewo. Mbale imamwa kutentha, ndiye itenthetseni chapansi kuti sodala isungunuke. Onetsetsani kuti mbali ya + yalunjika bwino. Amisiri ena amangolumikiza malowo ndi sodala. Babu limayakadi, koma pa madilayiva ena totsalato timalandira magetsi ochuluka n'kupsa msanga. Ine njira imeneyi ndimaiona ngati yongodikirira.

6. Babu likamaphethiraphethira, kaikirani kapasita. Ikatupa pamwamba kapena kutuluka madzi, isintheni ndi ya manambala omwewo, monga 400V, osachepera.

7. Likamawala pang'ono swichi ili yozimitsa, mwina swichiyo inaikidwa pa waya wa neutral m'malo mwa live. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka.

Kutentha ndiko kumapha mababu ambiri, choncho musawatsekere m'zotchingira zopanda mpweya. Ndipo mukapeza dilayiva yapsa mpaka kuda bii, isiyeni, gulani babu lina, koma mbale ya timagetsiyo muisunge kuti idzakuthandizeni pokonza lina.